Wosamala Odwala Amsamala Ndani?

Kumayambiriro kwa mwezi wa March m'chaka cha 2022, pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga, chimene chili pa Liwonde, adatsimikiza kuti bambo wina amene adafika akutsekula m'mimba kwambiri adali ndi kolera. Pa 3 March Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti nthendayi yabuka m'dziko muno. Panthaŵiyo palibe adadziŵa kuti chimenechi chidali chiyambi cha mliri umene udadzafika m'maboma onse, nugwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 pomafika pakati pa chaka cha 2023. Chiloŵere kolera m'Malaŵi m'chaka cha 1973, mliri wake waukulu chotere udali usanaonekepo.

Omvera ambiri adzakumbukira ziŵerengero zimene zinkamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, za odwala ndi za omwalira. Kuseri kwa wodwala aliyense kudali manja a anthu ambiri amene sankaŵerengedwa. Munthu amene kolera yamugwira kolimba angathe kutaya malita 10 a madzi a m'thupi pa tsiku limodzi, mwinanso kuposapo, ndipo madzi onsewo amagwera m'ndowa imene imaikidwa pansi pa bedi loboola pakati. Ndowayo pali amene amainyamula kukataya, pali amene amakolopa pamene yatayikira, pali amene amachapa nsalu, ndipo wodwala akatsirizika pali amene amakonza ndi kukulunga mtembo. Onseŵa ndi antchito a chipatala chimodzimodzi dokotala ndi namwino, ngakhale kuti maina ao sadziŵika ndipo malipiro ao ndi apansi.

Machinga ndi Balaka adali boma limodzi kufikira m'chaka cha 1998, ndipo mpaka lero anthu a mbali zonse ziŵiri amaoloka Shire pa Liwonde kukafuna thandizo uku ndi uko. Kupatula chipatala chachikulu cha pa Liwonde ndi cha pa Balaka, muli zing'onozing'ono zambiri, za boma ndi za mishoni, kuyambira ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique, Ntaja, Chikweo ndi Nyambi, mpaka ku Ulongwe, Kalembo, Utale ndi Phalula. Munthu akafunsidwa kuti ngozi ya ntchito m'malo ameneŵa ndi yotani, amathamangira kutchula miliri. Miliri ilipodi, koma imabwera nipita, ndipo ikafika aliyense amakhala tcheru. Chimene chimapweteka antchito chaka ndi chaka ndi ntchito ya tsiku lililonse, yozoloŵereka, imene dzanja limachita lokha mutu uli kwina. Ndipo kaŵirikaŵiri ngoziyo imakagwera munthu wina amene sadaiyambitse.

Chitsanzo chachikulu ndi singano ya jakisoni. Pa chipatala chaching'ono singano zimagwira ntchito kuyambira m'maŵa mpaka usiku: katemera wa ana kusikelo, jakisoni wolera, kutenga magazi, kuika diripi, kusoka mabala a ovulala pa ngozi zimene sizisoŵa pa mseu wa M1 ndi wa M3. Kuyambira m'chaka cha 2019, pamene Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 11 oyamba kupereka katemera wa malungo, singano zidaonjezekanso. Pobaya wodwala ngozi imakhala yochepa, chifukwa maso ndi maganizo zili pomwepo. Nthaŵi yoopsa ndi imene singano yatuluka m'thupi la wodwala koma siinaloŵe m'bokosi lake. M'kamphindi kameneko m'kati mwa singano muli magazi, mwana akuphiriphitha, mayi wina akuitana, mzere wafika panja. Njira yodziŵika kwambiri yodzibayira ndiyo kubwezera singano m'kachivindikiro kake: dzanja lamanzere lagwira kachivindikiro, lamanja likulunjika, ndipo kuphonya pang'ono kwakwanira. Nchifukwa chake lamulo la ntchito limati singano yogwiritsidwa kale isavindikiridwenso, isapindidwe, isachotsedwe ndi zala, koma iponyedwe m'bokosi nthaŵi yomweyo ndi munthu yemwe wabayayo.

Akatswiri adaŵerengera kale kukula kwa ngozi imeneyi. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano imene yachokera kwa munthu wa kachirombo ka HIV, pafupifupi atatu ndiwo amatenga kachiromboko. Mwa anthu 100 obayidwa ndi singano ya munthu wa matenda a chiŵindi a mtundu wa C, amatenga pafupifupi aŵiri. Koma pa matenda a chiŵindi a mtundu wa B, amene azachipatala amaŵatcha hepatitis B, chiŵerengero chingafike anthu 30 mwa 100 alionse ngati obayidwawo sadalandire katemera. Ndiye kuti nthenda imene anthu amaiopa kwambiri imadutsa movutikira pa singano, pamene imene saitchula nkomwe imadutsa mosavuta koposa. Kachirombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma pa tebulo kapena pa nsalu kwa masiku 7 kapena kuposapo, ndipo kakakhazikika m'thupi kangathe kukhala chete zaka zambiri, kenaka nkuumitsa chiŵindi kapena kuyambitsa khansa.

Katemera wake alipo, ndipo ndi wamphamvu. Ana a m'Malaŵi adayamba kulandira m'chaka cha 2002, m'jakisoni umodzi woteteza ku matenda asanu. Apa pafunika kuŵerengera zaka: wantchito wobadwa chaka chimenecho chisanafike sadalandire katemerayu kusikelo, ndipo oterewo ndiwo ambiri mwa anamwino, azamba ndi okolopa amene ali m'mawodi. Munthu wamkulu amabayidwa katatu, kachiŵiri pakatha mwezi umodzi, kachitatu pakatha miyezi 6. Wophunzira unamwino amamva zimenezi kusukulu. Wolembedwa ntchito yokolopa kapena yootcha zinyalala amayamba Lolemba m'maŵa chikolopa chili m'manja, ndipo mkulu wake akapanda kukumbukira palibenso wina womfunsa za katemera.

Bokosi lotayamo masingano ndi kanthu kachabe poliona: katoni yolimba ya malita 5, yokhala ndi kabowo pamwamba ndi mzere wosonyeza polekezera. Malo ake ndi pamene dzanja la wobaya lingafike iye osanyamuka. Likaikidwa kuseri kwa chitseko, singano imayamba yagona pa thireyi kapena pa bedi, ndipo singano yogona pa bedi imakulungidwa m'nsalu nkukapezeka ndi mayi wochapa. Likadzaza magawo atatu mwa anayi liyenera kutsekedwa. Kukanikiza ndi chala kuti muloŵe zina, poti mabokosi atsala ochepa m'sitolo, ndi kusunga katoni nkutaya munthu.

Tsoka silinunkha, ndipo ngakhale wosamala chotani tsiku lina angabayidwe. Chochita nchodziŵika. Pamalo obayidwapo pasambitsidwe msanga ndi sopo ndi madzi oyenda, popanda kufinya, kuyamwa kapena kuthirapo jiki, pakuti zimenezi zimangoononga mnofu osachotsa kanthu. Magazi akagwera m'maso kapena m'kamwa, mutsukidwe ndi madzi ambiri. Kenaka auzidwe mkulu wa pa ntchito, wobayidwayo ayezedwe magazi, ndipo ngati nkotheka ayezedwenso wodwala uja atavomera. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, ndi ma ARV omwewo, akumwa masabata anayi osadumphitsa. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, koma maola 72 ndi malire chabe. Mphamvu yao yeniyeni ili m'maola oyambirira, kachirombo kasanakhazikike.

Pamenepa ndi pamene malamulo olembedwa bwino amapunthwa. Pa chipatala cha kumudzi antchito onse amadziŵana, nyumba zao zili mzere umodzi, ndipo woyeza magazi ndi mnansi amene amatunga naye pa mjigo umodzi. Wobayidwa amadziŵa kuti kunena ndiko kuyezedwa, ndipo kuyezedwa kungaulule chimene iye sadafune kudziŵa kapena chimene wakhala akubisa. Wina amaopa kunenedwa kuti ndi wosasamala. Wina, makamaka wokolopa, sadziŵa nkomwe kuti kachilonda kakang'ono ngati ka minga nkofunika kukanena, choncho amapukuta chala pa yunifolomu napitiriza ntchito. Mkulu wa chipatala amene amakalipira wobayidwa pamaso pa anzake watseka pakamwa pa onse amene adzabayidwe pambuyo pake. Ndipo mankhwala a PEP otsekeredwa m'kabati imene kiyi wake wapita ku boma Lachisanu kuti adzabwere Lolemba ali ngati kulibe, pakuti kuchokera Lachisanu kufika Lolemba maola 72 atha.

Bokosi likatsekedwa ulendo wake sunathe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa zinyalala zonse za m'chipatala, magawo 85 pa 100 ndi zinyalala wamba, monga mapepala, makoko a nthochi ndi mikute ya nsima, ndipo magawo 15 okha ndiwo oopsa. Koma thonje limodzi la magazi likagwera m'bini la mapepala, bini lonselo lasanduka loopsa, ndipo wolinyamula sadziŵa. Mitundu ya mabini, lakuda la zinyalala wamba ndi lachikasu la zokhudzana ndi magazi ndi mafinya, idaikidwa kuti woponya auze wonyamula popanda kulankhulana. Odikirira odwala nawonso ili ndi nkhani yao, chifukwa zambiri zoponyedwa m'mabini a m'wodi zimachoka m'manja mwao.

Kumapeto kwa zonse kuli bambo wa wilibala, amene amakankha zinyalala kupita kuseri kwa chipatala kumene kuli ng'anjo ya njerwa, dzenje la phulusa ndi dzenje lotayamo nsengwa. Alendo obwera kudzayendera chipatala safikako kaŵirikaŵiri. Bamboyu afunika magolovesi okhuthala ofika m'chigongono, jombo, epuloni ndi chotchinga kumaso. Magolovesi opyapyala a namwino singano imaboola ngati tsamba. Ng'anjo yoyaka bwino iyenera kupitirira madigiri 800. Ikamangofuka utsi wakuda, mapulasitiki ena a madiripi ndi timapaipi take amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, ndipo woyamba kuupuma utsiwo ndi wosonkhezera motoyo. Mabotolo a mankhwala otseka ndi zitini zopopera zimaphulika pamoto. Singano siipsa nkutha, imatsala m'phulusa ili yakuthwa, nchifukwa chake phulusa limakokedwa ndi fosholo nkukwiriridwa m'dzenje lovindikira. Pamene mpanda udagwa, ana nkumatola majakisoni kukaseŵera, agalu nkumafukula, ngozi ya wantchito yasanduka ya mudzi wonse.

Singano imaoneka ndi maso, pamene chifuwa chachikulu chimayenda mu mpweya. Wodwala akatsokomola, timadontho tochepetsetsa tonyamula tizirombo timayandama m'chipinda kwa maola, ndipo amene amakhala m'chipindamo tsiku lonse, sabata ndi sabata, ndi wantchito. M'zaka za m'ma 1990 Dr. Anthony Harries ndi anzake a nthambi yolimbana ndi chifuwa chachikulu adafufuza m'zipatala za m'dziko muno, napeza kuti antchito a chipatala ankadwala nthendayi kuŵirikiza kangapo kuposa anthu ena akuluakulu. Chodabwitsa nchakuti wodwala wa m'wodi ya chifuwa chachikulu ndiye wochepa ngozi, pakuti amene wayamba mankhwala oyenera amaleka kupatsira ena m'masabata oyambirira. Woopsa ndi amene sanadziŵike: wakhala pa benchi ya odwala oyendera kuyambira mbandakucha, akutsokomola pakati pa amayi a makanda, kapena wagonekedwa m'wodi wamba akumuganizira matenda ena. Nchifukwa chake zipatala zimalangizidwa kufunsa pakhomo pomwe kuti akutsokomola ndani, kumpatsa masiki, kumkhazika pamalo opita mphepo ndi kumuonetsa kwa dokotala msanga. Ena pamzere amadandaula kuti pali kukondera, koma wotsokomolayo akachoka msanga opindula ndi iwo omwe. Makina a GeneXpert amayeza makhololo m'maola aŵiri. Chochedwetsa nthaŵi zambiri ndi ulendo wa makhololowo kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita kumene kuli makina.

Chida champhamvu pa nkhondo imeneyi nchaulere. M'chaka cha 2007 adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala za mumzinda wa Lima ku Peru, kumene adayeza kuti mpweya wa m'chipinda umasinthika kangati pa ola. Mazenera ndi zitseko zitatsekulidwa unkasinthika ka 28, kupambana kaŵiri ka 12 kamene kamafunika m'zipinda za makina okoka mpweya, ndipo m'nyumba zakale za madenga aatali ndi mazenera akuluakulu unkafika ka 40. Ku Balaka ndi ku Liwonde kutentha kwa October kumatsekulitsa mazenera popanda wolamula. Vuto limadza m'miyezi ya June ndi July, usiku, pamene odwala ndi oŵadikirira amatseka paliponse pothaŵa chisanu, ndiponso m'zipinda zoonera odwala zimene zenera lake lidatchingidwa ndi kabati ya mafailo kapena lidakhomeredwa poopa akuba. Namwino wotsekula zenera usiku wozizira asaonedwe ngati wankhanza. Kakhalidwe ka m'chipinda nakonso kali ndi nzeru yake: mphepo izidutsa pakati pa dokotala ndi wodwala, kapena izichoka kwa dokotala kupita kwa wodwala nkutulukira panja. Ikamachoka kwa wodwala kukamenya dokotala kumaso, kusuntha tebulo kokha kumakonza.

Masiki wamba a opaleshoni amatchinga zotuluka m'kamwa mwa wovala, choncho pa chifuwa chachikulu malo ake ndi pa nkhope ya wotsokomola. Oteteza wantchito ndi a N95, amene amagwira nkhope molimba, ndipo pa munthu wa ndevu sagwira bwino. Anthu ambiri adadziŵa maina ameneŵa m'chaka cha 2020. Odwala oyamba a Covid-19 m'Malaŵi adalengezedwa pa 2 April, ndipo mwezi womwewo anamwino ndi madokotala m'zipatala zingapo adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya chiopsezo. Adanenedwa zambiri. Koma mu September chaka chomwecho bungwe la WHO lidaulula kuti antchito a zaumoyo, amene m'maiko ambiri sakwana atatu mwa anthu 100, adali pafupifupi 14 mwa odwala Covid-19 100 alionse amene adalembedwa ku bungwelo.

Kolera, ngakhale idachititsa mantha chotere, njira yake ndi imodzi: iyenera kuloŵa pakamwa. Wantchito amene amasamba m'manja ndipo sadyera m'msasa wa odwala kaŵirikaŵiri amatuluka bwino. Nzeru yosamba m'manja ndi klorini ndi yakale, ndipo idabadwa pa ngozi ya wantchito. M'chaka cha 1847 ku Vienna, dokotala wotchedwa Jakob Kolletschka adachekedwa chala ndi mpeni pong'amba mtembo, nadwala, namwalira. Mnzake, Ignaz Semmelweis, adaona kuti matenda amene adapha Kolletschka adafanana ndi amene ankapha amayi ongochira kumene m'wodi yake, nalamula kuti madokotala ochokera ku mitembo azisamba m'madzi a klorini asanakhudze amayi. Imfa za amayi zidatsika kuchoka pa 18 mwa 100 mu April kufika pafupifupi pa aŵiri mu June. Madokotala anzake ambiri adamnyozabe.

M'msasa wa kolera klorini amasungunulidwa pa mphamvu zitatu. Wa 0.05 pa 100 ndi wosamba m'manja, wa 0.2 ndi wokolopera ndi wotsukira mabedi. Wa 2 pa 100 ndi wothira m'ndowa za chimbudzi ndi masanzi ndi wokonzera mitembo. Wachitatuyu ndi wamphamvu ka 40 kuposa woyamba, koma m'zigubu onse amaoneka ngati madzi. Chigubu chosalembedwa ndi msampha. Wosamba m'manja ndi wa 2 pa 100 amasupuka khungu, ndipo manja ong'aluka ndi khomo la tizirombo tina. Wothira wa 0.05 m'ndowa ya chimbudzi amayesa wapha tizirombo pamene tili moyo. Ufa wa HTH umene amasungunulawo uli ndi klorini pafupifupi magawo 70 pa 100. Umapsereza maso ndi mapapo, suyenera kusakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira, ndipo malo osungunulira ndi popita mphepo, wosungunulayo atavala magolovesi ndi zotchinga m'maso. Dzuŵa ndi kutentha zimafooketsa klorini wosungunula, kotero wosamba ndi wokolopera amakonzedwa watsopano tsiku lililonse.

Zonsezi zimalira madzi. Balaka ndi boma la mvula yochepa, ndipo mijigo ina madzi ake ndi amchere. Chipatala chimene pampu yake yafa, kumene madzi a ku wodi ya amayi oyembekezera amabwera ndi ndowa pamutu pa odikirira odwala, sichingasunge lamulo la kusamba m'manja ngakhale chikhome zithunzi zake pakhoma lililonse. Kusamba koyenera ndi sopo kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Mzamba amene ali yekha usiku ndi amayi atatu, madzi ali m'beseni limodzi, amangosintha magolovesi, ngati alipo.

Kunja kwa mpanda kuli alangizi a zaumoyo, amene ntchito yao idakula kuchokera kwa othandiza pa kolera olembedwa nthendayi itabuka mu 1973. Iwoŵa ngozi amakumana nayo pa njinga, m'matope a dzinja, ndi pa bwato la pa nyanja ya Chilwa popita kwa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, kumene kolera idavuta m'zaka za 2015 ndi 2016. Amanyamula katemera, klorini ndi bokosi la masingano pa keliyala imodzi, ndipo bokosilo liyenera kubwerera ku chipatala lili lotseka ndi louma.

Ndi iwonso amene amaima pa maliro a kolera kuuza anamfedwa kuti mtembo usasambitsidwe monga mwa mwambo, usagone m'nyumba, ndi kuti pasaphikidwe chakudya. M'dera limene Asilamu ndi Akhristu omwe amalemekeza kwambiri kusambitsa ndi kuperekeza malemu, mau ameneŵa ndi olemera, ndipo apa pamabadwira ngozi ina imene magolovesi sangaitchinge. Mu February 2023, mliri uli pachimake, gulu la anthu lidaukira chipatala cha Nandumbo m'boma la Balaka, kumenya antchito ndi kuononga katundu, chifukwa cha mphekesera yakuti azachipatala ndiwo ankapatsa anthu kolera kudzera m'majakisoni. M'masiku omwewo chipatala cha ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe chidaukiridwanso pa nkhani ya kolera yomweyi.

Mphekesera yotere siiphuka pa thanthwe. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa. Wodwala amasungidwa kunyumba usiku wonse, amafika pa chipatala maso ataloŵa, mitsempha itaphwa, namwino amavutika kupeza pobaya, amaika diripi, ndipo patapita kanthaŵi munthuyo watsirizika. Chomaliza chimene abale adaona ndi singano. Kenaka amauzidwa kuti sangaloŵe, mtembo ukutuluka m'thumba la pulasitiki ukununkha klorini, ndipo palibe amene wakhala nawo pansi kuŵafotokozera. Kumenya wantchito ndi mlandu umene chisoni sichingaufafanize, ndipo antchito akathaŵa chiwawa amalipira ndi mayi woyamba matenda usiku umenewo. Komabe mpanda ndi apolisi paokha sizikwanira. Nkhanga zidapangana kusanapse. Chimene chimateteza antchito ndi mfumu, shehe ndi mbusa amene adauzidwa mliri usanafike zimene zidzachitike pa maliro ndi chifukwa chake. Komiti ya chipatala imene anthu amaikhulupirira. Wachibale mmodzi wololedwa kuvala zodzitetezera nkuona m'bale wake akukonzedwa. Lilime la wantchito mwini lilinso m'gulu lomweli, pakuti amene adazaziridwa kusikelo chaka chatha ndiye woyamba kukhulupirira zoipa chaka chino.

Pali zinanso zosatchuka: msana wopweteka ponyamula wodwala kuchoka pa machira kupita pa bedi munthu ali yekha, pansi ponyoŵa poterera, silinda ya okosijeni yoimikidwa popanda unyolo kapena pafupi ndi kandulo magetsi atazima. Chimene chimakulitsa zonse ndi kutopa. Namwino amene wagwira usana nalumikiza usiku chifukwa mnzake wapita ku maphunziro ndiye amaphonya kachivindikiro ndi kuiŵala kulemba chigubu. Kuchepa kwa antchito amakukamba ngati vuto la odwala okha, chonsecho ndi ngozi ya antchito otsalawo.

Malamulo a dziko sali chete. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo a ntchito sakuika moyo pa chiswe, wopereka zovala zodzitetezera popanda kulipiritsa wantchito, ndi wophunzitsa antchito za ngozi za ntchito yao. Wantchito nayenso limampatsa udindo wodzisamala ndi kusamala anzake. Lamulo la chipukuta misozi la 2000 limapereka njira yolipirira wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito. Mu 2019 Malaŵi adavomereza pangano nambala 155 la bungwe la ILO, limene limakhudza ntchito za mitundu yonse, za boma zomwe.

Koma chipukuta misozi chimafuna umboni, ndipo umboni wa ngozi za m'chipatala umasoŵa msanga. Bala la singano limapola m'masiku aŵiri, pamene matenda a hepatitis B angaonekere patapita miyezi iŵiri kapena itatu, ndipo chifuwa chachikulu patapita chaka kapena zaka. Pofika nthaŵi imeneyo mkulu wa chipatala adasamutsidwa, wodwala uja adaiŵalika. Chotsala ndi buku la ngozi, ngati lidalembedwa: tsiku, ola, chipinda, mtundu wa singano, chimene wantchito ankachita, zotsatira za magazi a tsiku loyamba, ndi ola limene adayamba PEP. Zotsatira za tsiku loyambazo ndizo zimasonyeza kuti munthu adalibe nthendayo asanabayidwe. Buku lomwelo likaŵerengedwa pakutha pa miyezi itatu limaulula zimene munthu mmodzi sangaone, mwina kuti obayidwa ambiri ndi a usiku, kapena ndi ochapa nsalu za wodi imodzi, kapena kuti ngozi zimachuluka sabata imene mabokosi atha m'sitolo. Pa chipatala chimene buku lake lilibe dzina la wokolopa ngakhale mmodzi chaka chonse, woyendera wodziŵa ntchito amapita kuseri kwa ng'anjo nkupempha bambo wa wilibala kuti amuonetse manja ake.